MTHENGA WA PAKATI PA MAIKO AWIRI

Masiku ano ana a mitundu yambiri aoloka nyanja kukafuna maphunziro ku maiko a kutari, ndipo mwa iwo alipo ena amene apita kukaphunzira nchito imene akuru a m'midzi samvetsa bwino dzina lace, ndiyo nchito ya nkhani: kulemba manyuzi, kulankhula pa wailesi, kujambula zithunzi za kanema, ndi kufalitsa mau pa intaneti. Mwana akati, Ndirikupita kukaphunzira udokotala, palibe womfunsa kawiri, pakuti matenda tiwadziwa tonse. Akati uphunzitsi, kapena malamulo, tibvomera. Koma akati, Ndirikupita kukaphunzira kunena nkhani, nkhalamba iseka niti, Kodi nkhani nazo nzokwerera ndege? Suja amai azinena pacitsime m'mawa uli wonse osalipira kobiri?

Cimene tifuna kulingalira pamodzi ndi inu, abale owerenga, ndi ici. Mwana wotere akakhala kunja aima pakati pa maiko awiri, ndipo onse awiri amfunsa. A kwao amfunsa, Kuli bwanji kumeneko? A kumene wapitako amfunsa, Kwanu kuli bwanji? Wophunzira ali yense wokhala ku dziko la eni afunsidwa mafunso awa. Koma uyu yekha ndiye alikuphunzira usana ndi usiku luso la kuwayankha, nadziwa macenjerero ace onse. Nanga mangawa ace a coonadi ndi otani kwa awa ndi kwa awo? Kuti tisalankhule za m'malere, titenge sukulu imodzi yodziwika, tione umo akhalira mlendo m'menemo.

Mzinda wa Cardiff ndiwo likuru la dziko la Wales, kumadzulo kwa cisumbu ca Britain. Sitima ya pamtunda yocokera ku London ifikako m'maora ngati awiri. Kumeneko kuli sukulu yaikuru ya nkhani imene anaiyamba Tom Hopkinson m'caka ca 1970, ndipo kuyambira 2018 nyumba yace iri pakati pa mzinda, pafupi ndi siteshoni ya sitima, moyandikana ndi nyumba ya BBC ya dzikolo. M'cipinda cimodzi mukhala ana a ku China, a ku India, a ku Nigeria ndi a maiko ena ambiri, pamodzi ndi eni dziko. Ndipo nthawi zina mupezeka wa ku Malawi kapena wa ku Zambia. Ambiri a alendowa adza atatsiriza kale maphunziro ena kwao, nakhala caka cimodzi cokha.

Musayese kuti moyo wace ngwofewa. Mlendo alipira ndalama za sukulu zoposa kutari zimene alipira mwini dziko. Asanakwere ndege alipiratu za ciphaso, ndi za cipatala zomwe, zimene m'caka ca 2024 anazikweza kufikira mapaundi 776 pa caka. Lamulo limlola kugwira nchito ya malipiro maora 20 okha pa sabata m'nyengo ya sukulu, ndipo nchito imene aipeza kawirikawiri ndiyo kutsuka mbale, kunyamula akatundu m'nyumba zosungira malonda, kapena kusamala nkhalamba. Kuyambira Januwale 2024 ambiri odzera maphunziro a caka cimodzi saloledwa kutenga mkazi kapena mwana. Iye amene makolo ace amtumizira ndalama za ku Malawi sadzaiwala Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo ndalama zimene zikadakwanira miyezi iwiri zinangokwanira umodzi ndi masiku owerengeka. Mwezi wa Disembala dzuwa lilowa ca m'ma 4 koloko, ndipo mvula ibvumba masiku ambiri. Agona yekha m'kacipinda, citseko cotseka. Oyandikana naye ampatsa ulemu ndithu, koma palibe wonena Odi pakhomo, ndipo akagwidwa ndi cimfine palibe womphikira phala.

Izi azisenza pamodzi ndi alendo onse. Koma ciripo cobvuta cina ca iye yekha. Wophunzira masamu akhoza kubisa lilime lace kumbuyo kwa ziwerengero, pakuti ziwerengero ziri zimodzimodzi ku maiko onse. Kwa wophunzira nkhani mau ndiwo khasu lace, ndipo alima nalo m'munda wa eni. Mphunzitsi amtuma kumseu kuti akaimitse anthu osawadziwa ndi kuwafunsa maganizo ao pa nkhani ya tsikulo. Munthu wa pamseu ati, Mwati bwanji? kawiri, katatu, napita ulendo wace. Amtuma kuimba foni ku ofesi ya boma la mzinda, iye osadziwa ndani wamkuru ndani wamng'ono m'menemo, cimene mwana wobadwira konko acidziwa cibadwire. Anzace akaseka nthabwala aseka nao osaimva. Iye amene kwao anali wodziwa kulankhula, wopatsidwa mau pa ukwati ndi pa maliro, asanduka wacibwibwi. Ndipo ici cimpweteka koposa cisanu. Tsono munthu wocepetsedwa cotero afulumira kufuna kanthu komkweza pamaso pa anzace, ndipo tidzaona kumene akapeza.

Koma tiyambe tayankha nkhalamba ija, pakuti funso lace siliri lopusa. Mutu wa maphunziro awa ndiwo kusankha. M'caka ca 1949 munthu wina wa ku America, dzina lace David Manning White, anapempha mkonzi wa nyuzi ina kuti sabata imodzi asataye nkhani zimene anazikana, koma azisunge ndi kulembapo cifukwa ca kuzikana. Pakutha pa sabatayo kunaoneka kuti pa nkhani khumi zofika pa waya inalowa m'nyuzi ngati imodzi yokha. Ndipo zifukwa zina zinali za kucepa kwa malo, koma zina zinali za mumtima mwa mkonziyo, zokonda zace ndi zodana nazo. White anamucha munthuyo mlonda wa pacipata. Pambuyo pace, m'caka ca 1965, anthu awiri a ku Norway, Johan Galtung ndi Mari Ruge, anasanthula umo manyuzi anai a kwao analembera za mabvuto a ku Congo, ku Cuba ndi ku Cyprus, naonetsa kuti nkhani ilowa msanga pacipata ikakhala yoipa, yodzidzimutsa, yonena za anthu omveka, kapena za maiko amphamvu ndi ofanana ndi owerenga. Potero dziko laling'ono la kutari limveka pokhapo pagwa tsoka.

Kusankha pakokha si kulakwa. Mai wopeta ufa ataya gaga, ndipo palibe munthu angathe kunena zonse zocitika tsiku limodzi ngakhale m'mudzi umodzi. Koma mwana uja tsopano adziwa ndi maso openya cimene amai a pacitsime acicita osadziwa, ndico cakuti munthu akhoza kunyenga mnzace ndi mau oona okha okha. Ukauza mlendo kuti m'dziwe umo muli nsomba zambiri, osanena za ng'ona, sunanene bodza ngakhale limodzi, koma wamupha. Ndipo wodziwa ici mlandu wace uposa wa wosadziwa. Cifukwa cace tiyenera kuyang'ana makalata awiri amene wophunzirayo alemba, ina ya kwao, ina ya kwa eni dziko.

Kalata ya kwao makolo athu anaidziwa kale. Amuna opita ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia anatumiza cithunzi atabvala jekete ndi cipewa, pena zobwereka, osanena za pfumbi la m'mgodi kapena za m'komboni. Ndipo anyamata poona cithunzico ananyamuka nao, ena nakhala machona. Lero cithunzi siciyembekeza positi. Cifika pa WhatsApp ndi pa Facebook nthawi yomweyo, niciyendayenda m'manja mwa mudzi wonse. Wophunzira aima pa cipata ca linga lakale la Cardiff, kapena kutsogolo kwa nyumba ya BBC, tsiku limene dzuwa lawala. Ndipo adziwa bwino poimika kamera, popeza anakhoza mayeso a cimeneco. Mbale zimene anatsuka usiku wathawo sizioneka.

Tisafulumire kumweruza. Pena atate ace anagulitsa ng'ombe, pena abale anasonkha. Alembe bwanji kuti, Ndirikulira? Mtima wa mai wokalamba suli wolimba. Ndiponso mwambo wathu womwe udziwa kufewetsa uthenga. Munthu akamwalira, mbale wace ali kutari, wotumidwa kawirikawiri sanena, Wafa. Ati, Matenda akula, fulumirani. Ndipo palibe amucha mthengayo wabodza. Koma taonani kusiyana kwace. Mthenga wa maliro afewetsa mau kuti munthu ayende bwino panjira, ndipo coonadi cimdikira pa mapeto a njirayo, pakati pa abale omgwira pamene agwa. Womvayo adziwanso mwambo, nayamba kukonzeka mumtima ali panjira. Cithunzi ca wophunzira ciribe mapeto otere. Mng'ono wace aciona nati, Inenso. Atate agulitsa dimba. Ndipo coonadi cikampeza mng'onoyo ali yekha m'kacipinda ku dziko la eni, ngongole itatsala kumudzi. Ife tiyesa kuti mwana akhoza kubisira amace misozi ya tsiku limodzi, ndipo sitimtsutsa. Koma sayenera kubisira mng'ono wace mtengo wa cipinda, kucepa kwa maora a nchito, ndi kubvuta kwa kupeza nchito ya nkhani kwa mlendo atatha maphunziro. Pakuti pa zimenezi mng'onoyo adzamanga moyo wace.

Ndipo inu makolo muli nalo gawo lanu. Mukamuimbira foni, mau anu oyamba akakhala a feteleza ndi a malata, mwana aphunzira msanga kuti kwao afuna kumva za cuma cokha, nakupatsani nkhani imene mwaitanitsa, monga acita mkonzi ali yense ndi owerenga ace.

Kalata yaciwiri ndiyo yolemera, ndipo pa iyo tikhalitsa. Pakutha pa caka wophunzira ayenera kupereka nchito yaikuru, nkhani yaitari kapena kanema, ndipo alendo ambiri asankha kunena za kwao. Ngakhale isanafike nthawiyo, dzina la Africa likachulidwa m'kalasi maso onse atembenukira kwa iye, ngati kuti mwana wa m'mudzi umodzi angayankhire maiko 54. Ndipo sacedwa kuzindikira kanthu. Akanena za msika, za ukwati, za alimi amene apeza mbeu yabwino, anzace amva mwaulemu. Koma akanena za njala, za ufiti, za ana okwatiwa ali ang'ono, cipinda cikhala cete, ndipo atatha amzinga namfunsa mafunso. Uja anali wacibwibwi wapeza cuma cimene anzace alibe. Mwambi uti, Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo ka mlendo uyu kanoledwa pa umphawi wa abale ace, ndipo iye adziwa bwino lomwe, pakuti Galtung ndi Ruge anamuuziratu nkhani imene ilowa pacipata.

Ena poona ici anyansidwa napatukira kwina, nati, Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo; zamanyazi za m'nyumba sizituruka kubwalo. Nalemba za nyanja yokongola ndi za anthu omwetulira okha. Mau awa akoma, ndipo muli cikondi m'menemo. Koma tisanawabvomere tikumbukire caka ca 1992. Pa 8 Marichi caka cimeneco kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula zosalungama za m'dziko la Malawi inawerengedwa m'machalichi. Boma linaiyesa youkira, ndipo wailesi ya m'dziko inali m'manja mwa boma lomwelo. Anthu ambiri anamva zocitika m'dziko lao lomwe pochera khutu ku wailesi za kunja monga BBC, atatsitsa mau. Akadakhala kuti onse otumiza nkhanizo kunja anati, Mako ndi mako, kodi cisankho ca pa 14 Juni 1993 cikadafika liti? Mai akadwala, mwana womkonda aitana sing'anga ngakhale wa mudzi wina, ndipo kuti sing'angayo athandize ayenera kuona cironda.

Woyambitsa sukulu ya Cardiff mwini wace anadziwa mtengo wa kunena zoipa za mbali yako. M'caka ca 1950 Tom Hopkinson anali mkonzi wa nyuzi ya zithunzi yomveka ku Britain, dzina lace Picture Post. Anthu ace awiri, James Cameron wolemba ndi Bert Hardy wojambula, anabwera ku nkhondo ya ku Korea ndi nkhani ya nkhanza zimene a South Korea anacitira akaidi ao. Ndipo South Korea ndiyo mbali imene Britain inali kuithandiza. Mwini nyuziyo, Edward Hulton, anakana kuti isindikizidwe. Hopkinson anaumirira, nacotsedwa nchito. Pambuyo pace anakakhala mkonzi wa Drum ku Johannesburg kuyambira 1958 kufikira 1961, ndipo m'masiku amenewo wojambula wa Drum, Ian Berry, anajambula kuphedwa kwa anthu ku Sharpeville pa 21 Marichi 1960, zithunzi zimene zinafika m'manyuzi a maiko ambiri. Atacoka kumeneko anaphunzitsa atolankhani a Africa ku Nairobi. Cotero mwana wokhala pa mpando m'sukuluyo sangati kuti kuulula zoipa za kwanu ndi mwambo umene Azungu auphunzitsa alendo okha, osaucita iwo eni.

Komatu coonadi ca mtundu uwu cipulumutsa ndi dzanja limodzi nicicepetsa ndi linalo. Mu Okotobala 1984 wojambula wa ku Kenya, Mohamed Amin, pamodzi ndi Michael Buerk wa BBC, anaonetsa dziko lonse njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia. Maiko anadzidzimuka, ndalama zambiri zinasonkhedwa, ndipo anthu anapulumuka amene akadafa. Ndani angati Amin akadacita bwino kubisa? Koma zaka zambiri pambuyo pace dzina la Ethiopia linamveka njala m'makutu a anthu a ku Ulaya, dziko lija lokhala nao malembo ace ace ndi mbiri ya mafumu ace kuyambira kale lomwe. Ndipo ambiri amene anapereka ndalama sanamve bwino kuti nkhondo ndi macitidwe a boma la nthawi ija zinakulitsa njalayo. Anaona anthu ogona pansi, nayesa kuti ndimo akhalira masiku onse.

Nanga wophunzira acite ciani, popeza kubisa kupha, ndi kuulula kucepetsa? Muyeso wina aupeza m'sukulu momwemo. Aphunzitsidwa malamulo ndi miyambo ya atolankhani a ku Britain: kuti akaipsa mbiri ya munthu ndi mau osatsimikizika adzaimbidwa mlandu; kuti wonenezedwa afunsidwe mbali yace; kuti mwana wosafika zaka 16 asafunsidwe kapena kujambulidwa pa nkhani yokhudza ubwino wace popanda cilolezo ca kholo kapena womlera. Izi azisunga mosamala ali ku Cardiff, pakuti kumeneko anthu ali nao maloya, ndipo awerenga zimene zalembedwa za iwo. Nanga akatenga kamera yomweyo nadza nayo ku Chilobwe kapena ku Phalombe, kumene namondwe wa Freddy anapha anthu mazana ambiri mu Marichi 2023? Mai wotaya ana ace m'matope alibe loya, kanemayo sadzaiona, ndipo mwa ulemu wa kwathu sakana mlendo wobvala bwino. Adzabvomera ciri conse, osadziwa kuti nkhope yace idzakhala pa intaneti kufikira adzukulu ace atakula. Ngati wophunzirayo ajambula mwana wa maiyo monga sakadayesa kujambula mwana wa ku Wales, ndiye kuti asunga miyeso iwiri m'thumba mwace, wina wa anthu amene angamsumire ndi wina wa amene sangathe. Ndipo ulemu uja anauonetsa ku Cardiff unali mantha cabe.

Muyeso wina ngwa kwathu, ndipo tiuyesa woposa. Pa bwalo la mfumu mlandu sukambidwa mwini wace palibe. Wophunzira adzifunse ngati angathe kuima pansi pa mtengo wa m'mudzi uja ndi kuwerenga nkhani yace m'cinenero ca eni, iwo alikumva. Sitinena kuti ayenera kuwakondweretsa. Mfumu yogulitsa minda ya amasiye idzakwiya pakumva, ndipo ikwiye. Koma kodi anthu adzadzizindikira m'nkhaniyo? Adzamva nchito zao, umo anakumbira anzao ndi makasu thandizo lisanafike, ndi cifukwa cimene anamangira nyumba m'mphepete mwa phiri, kumene malo anali otsika mtengo ndi nchito ya m'tauni inali pafupi? Adzamva yemwe anayenera kuwacenjeza, ndi yemwe analandira cimanga ca thandizo nacipatutsa? Kapena adzangopeza khamu lopanda maina lochedwa osauka a ku Africa? Nkhani yonena zoipa moona ifotokoza cifukwa ndi wocita, kuti womva adziwe pogwira. Nkhani yogulitsa zoipa isiya womva alikuti, Ndimo aliri anthu awa. Ndipo kawirikawiri zithunzi za nkhani ziwirizi ziri zomwezo. Zisiyana pa mau oikidwa pansi pace, ndi pa zimene mlonda wa pacipata anazisiya kunja.

Wina adzati, Muyeso uwu ngwolemera; mkonzi wa ku London apatsa munthu mphindi ziwiri zokha, ndipo m'mphindi ziwiri simulowa mbiri ya phiri lonse. Nzoona, ndipo zidzafika nthawi zimene wophunzirayo atakula adzakangana ndi mkonzi nagonja. Koma caka ca sukulu ndiyo nthawi imene alibe mwini nyuzi womlamulira, ndipo aphunzitsi abwino sakakamiza munthu kugulitsa abale ace. Akasankha njira yofupika pamene palibe womkakamiza, kokha cifukwa ca kukoma kwa cipinda cokhala cete, adzacita bwanji pamene malipiro ace ali m'manja mwa wina?

Ciripo cinanso cimene Cardiff aphunzitsa kunja kwa kalasi. Zikwangwani za m'miseu zilembedwa m'zinenero ziwiri, Cingelezi ndi cinenero ca eni dziko la Wales, cimene olankhula ace m'kalembera wa 2021 anangopitirira 500,000 pang'ono. Anthu owerengeka awa ali nayo wailesi ya kanema ya cinenero cao, S4C, imene inayamba pa 1 Novembala 1982. Sanailandire ngati mphatso. Pakuti m'caka ca 1980, boma litabweza lonjezo lace, mtsogoleri wao wina, Gwynfor Evans, analengeza kuti adzasala cakudya kufikira imfa, ndipo boma linagonja asanayambe. Olankhula Cicewa ndi Cinyanja ali mamiliyoni ambiri, ndipo makolo ao anadziwa kale kukoma kwa kumva nkhani m'cinenero ca kwao, pamene wailesi ya ku Lusaka inalankhula Cinyanja, ndi kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati poto kanayamba kulowa m'midzi m'caka ca 1949. Mwana wa kwathu woyenda pansi pa zikwangwani zija tsiku ndi tsiku sangalephere kudzifunsa kuti luso lonseli adzalankhula nalo kwa yani. Tisayese komabe kuti ciri conse conenedwa m'cinenero ca makolo ncoyera. Wailesi ya RTLM imene inasonkhezera kuphana ku Rwanda m'caka ca 1994 inalankhula cinenero ca eni dziko, ndi nthabwala ndi nyimbo zao. Ndipo m'caka ca 2003 bwalo la ku Arusha linatsutsa akuru ace ena. Mau omveka bwino alowa msanga mumtima, abwino ndi oipa omwe.

Za kubwerera kwao sitinena zambiri. Ena apita ndi thandizo monga la Chevening, limene boma la Britain linaliyamba m'caka ca 1983, ndipo alonjeza kukakhala kwao zaka ziwiri atatha maphunziro. Ena akhala kunja pa zifukwa zao, ndipo sitiwacha machona, pakuti alipo okhala kutari amene atumikira dziko lao ndi mau oona koposa ena okhala pafupi. Koma wobwerayo asayembekeze kuti mayeso anatha ku Cardiff. Adzapeza malipiro ocepa, ndi anthu andale ndi amalonda amene atha msonkhano ampatsa kaenvelopu ka cipondamthengo kuti nkhani ikakome. Adzapezanso kuti mabuku ace onse ali m'Cingelezi, ndi kuti zambiri zimene anazikhoza pa mayeso sadziwa kuzinena kwa agogo ace. Pa wailesi ya m'dera adzayenera kufotokoza za kolera, za mtengo wa cimanga, ndi za lamulo latsopano la malo, kwa anthu amene sangabwererenso pa mzere monga acita wowerenga, ndipo akaphonya liu limodzi aphonya nkhani yonse. Pamenepo adzafuna kukhala pansi ndi akuru odziwa kukamba milandu pa bwalo, ndi amai olangiza, ndi kuwafunsa umo iwo anenera cinthu cakuti ndi cakuti, nalembe mau ao m'kabuku monga analembera a aphunzitsi ace a ku Wales.